Nkhope ya Amayi pa Chitakale

Ndikamva fungo la penti wosakaniza ndi palafini, ndimabwerera pakhonde pathu ku Chitakale, dzinja lija ndili sitandade faifi. Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku, phiri litabisala m'nkhungu, ndipo m'nyumba monse bambo anali atamanga zingwe zoyanikapo mapepala.

Bambo ankalemba zikwangwani za magolosale ndi malo ometera. Chaka chimenecho anyamata a bandi ina ya ku Blantyre, a magitala aphokoso logonthetsa m'khutu, anawapatsa ntchito yokonza mapositala a dansi yawo. Ankafuna ochepa chabe, ena omata, ena ogulitsa pakhomo, ndipo anati pakhale chinthu cha ku Mulanje. Munthu wina aliyense akanajambula phiri. Bambo anga, amene sankamva zonena anthu, anajambula mzimayi wothyola tiyi, dengu kumsana, gitala m'manja.

Anakoka nsalu yopyapyala ya katani pafelemu yathabwa, n'kudula chithunzicho ndi lezala papepala lolimba. Penti ankamukankha ndi chidutswa cha patapata. Anayamba ndi wobiriwira, amene anachedwa kuuma chifukwa cha chinyontho. Atadutsitsa wakuda, nkhope inatulukira. Ndinaona mpata wa m'mano ndi mphini ziwiri za patsaya. Anali amayi anga.

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Mapositala anamatidwa pasiteji ya minibasi, pamsika, ngakhale pachitseko cha bala. Kusukulu anzanga ankandiimirira kutsogolo akukhwatcha rula pamimba ngati gitala. "Amako aimba liti?" ankatero. Ndinayamba kudzera njira ya m'minda ya tiyi, ndipo ndinkafika m'kalasi diresi itanyowa ndi mame mpaka m'chiuno.

Nkhani inafika kutchalitchi, kumene amayi ankatsogolera nyimbo m'gulu la amayi. Loweruka lina kunabwera akulu a mpingo awiri, maambulera awo akudontha. Ine ndinali kuseri kwa chitseko. Anayankhula modekha ndithu. Anati nkhope ya mayi wovala yunifolomu ya mpingo singakhale pakhomo la mowa, koma nkhani itha ngati amayi anene pamaso pa anzawo kuti bambo anawajambula iwo osadziwa. Apo ayi, ayambe avula yunifolomu. Mumtima ndinawapempha amayi kuti avomere. Bambo anali atayamba kale kunena kuti cholakwa n'chawo.

"Ayi, bambo a Esita, musaname," anatero amayi. "Ndinakhala pampando ndekha. Duku lija ndinasankha ndine."

Yunifolomu yawo yoyera anaipinda n'kuiika pansi pa sutikesi. Dzinja lonselo anakhala benchi ya kumbuyo, pafupi ndi khomo pamene mvula inkawazira, ine ndili pambali pawo, maso pansi. Ankaimba mokweza ngati kale, ndipo zimenezo zinkandipha ndi manyazi kuposa zonse.

M'mawa wina ndinawapeza amayi pasiteji akupita kuntchito yawo yothyola tiyi, ataima kutsogolo kwa positala imene mvula inali itayamba kuisukulutsa. Anagwira tsaya lawo, kenako la papepala. Ndinaganiza kuti akulira ndi chisoni, ndipo ndinakhutira kuti tsopano azindikira.

Dansi inachitika, ine sindinaione. Yunifolomu amayi anaivalanso chimanga chitacha. Positala imodzi imene bambo anasunga ilipobe pakhoma kwa amayi, yobiriwira itasanduka yotuwa. Adzukulu akafunsa, amayankha msanga kuti, "Ndine ameneyo."

Nthawi ija ndinkaona kuti bambo awachititsa manyazi amayi pagulu. Lero ndimakumbukira kuti aliyense wodutsa pamsewu wa ku Muloza ankaona amayi ngati msana wowerama ndi dengu pakati pa misana ina. Bambo anawakhazika pampando n'kuwayang'ana kumaso, ndipo amayi anakana kunena kuti sanafune.