Chingwe Chimene Sindinazule

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha wailesi ya amalume. Ndinaikonza ndi kampeni kosendera mbatata, mbiri n'kukafika kwa Mai Mutasa, amene anali ndi kashopu kokonza mafoni ndi makompyuta ku Banket. Ananditenga. Kukomboni ya pafamu kumene ndinabadwira anayamba kunditchula injiniya, ine n'kumavomera ndithu, chonsecho chimene ndinkadziwa chinali kupukuta fumbi ndi bulashi ndi kuika pulogalamu yoyendetsa kompyuta kuchokera pa fulashi.

Tsiku lina a Mwale, mlembi wa mpingo wathu, anabwera pa njinga. Anati kompyuta ya kutchalitchi inalandira apudeti dzulo lake, ndipo kuyambira pamenepo ikayatsidwa imaonetsa chizindikiro kamphindi, kenako sikirini bii. Inkafunika msanga. Lachisanu olembetsa zitupa ankabwera kusukulu, ndipo Mai Phiri, mayi wamasiye wobadwira pafamu kwa makolo ochokera ku Malawi, ankadikira kalata ya ubatizo wawo. Ndiwo unali umboni wokhawo woti anabadwira muno. Moyo wawo wonse analibe chitupa.

Mai Mutasa anali ku Harare kokagula katundu, ndiye ndinapita ndekha. Ndinayatsa: fani ikuzungulira, kanyali kobiriwira kakuyaka, sikirini mdima. Ndinazula ramu, kachipangizo ka m'kati kothandiza kompyuta kukumbukira, kuipukuta, kubwezeretsa, osatheka. Kumbuyo kunali zingwe ziwiri, chabuluu cha VGA chopita ku monita, ndi chakuda cha HDMI cholowa pabowo la khoma. Sindinafunse kumene chinkapita. Azimayi a kwaya anali atadzaza pakhomo kuonerera mwana wawo ali pantchito, ndipo kufunsa ndinkakuona ngati kudzichotsa ulemu. Nditalowetsa fulashi chithunzi chinabwera, mtima wanga n'kukhala pansi. Ndinauza a Mwale kuti apudeti yawononga zonse, tingoyambiranso. Iwo anangoti ndichite zimene ndikudziwa. Ndinkayesa kuti mayina a obatizidwa ali m'buku, kompyuta n'njosindikizira chabe. Ndinafufuta disiki yonse.

Inayenda bwino ola limodzi. Itangokokanso apudeti ija, bii.

M'mawa mwake ndinabwera ndi Mai Mutasa. Anasuzumira kumbuyo, kuzula chingwe chakuda, kuyatsa, chithunzi icho. Chingwecho chinkapita ku pulojekita yoonetsera mawu a nyimbo m'tchalitchi, ndipo apudeti inachititsa kompyuta kutumiza chithunzi ku pulojekita yozimayo. Panalibe chinawonongeka, kupatula chimene ndinawononga ine.

A Mwale anakhala pampando n'kuyamba kufunafuna foda ya ubatizo. Apa m'pamene ndinamva kuti buku lenilenilo linavumbwa ndi mvula chaka chimene anthu anasamutsidwa kukomboni yakale. Masamba opulumuka anawajambula limodzilimodzi n'kusunga m'kompyutamo, otsalawo chiswe chinamaliza. Mai Mutasa analimbana ndi pulogalamu yobwezeretsa mafailo mpaka madzulo. Tinapeza nyimbo za kwaya ndi zithunzi zitatu zodukaduka.

"Mufana," anatero, "chingwe ukazula umabwezeretsa. Bwanji sunayambe ndi chimenecho?" Sanandichotse ntchito. Ndinkalakalaka akanandikalipira kwambiri, mwina manyazi akanapepuka.

Kwa Mai Phiri ndinapita ndekha. Ndinawapeza atasita kale diresi yokajambulitsira chithunzi cha pachitupa. Anamvetsera mutu uli pansi.

"Zvakaoma, mwanangu," anatero m'chinenero chakuno, kutanthauza kuti n'zovuta, mwana wanga. "Ndiye kuti dzina langa lija lapita?"



Lero ndili ndi shopu yangayanga. Sikirini ikada, ndimalondola chingwe chilichonse mpaka kumene chathera, ndipo sindifufuta kanthu ndisanakopere ndi kufunsa mwini wake kuti muli chiyani, ngakhale ndioneke wopepera pamaso pa anthu. Mai Phiri anamwalira patatha zaka ziwiri. Pokatenga chilolezo choika maliro, wa muofesi anafunsa nambala ya chitupa chawo, ndipo ndinali nditaima pomwepo pamene a Mwale anayankha kuti palibe.