Makala Palilime Langa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene aphunzitsi anga, a Kamwendo, analemba m'lipoti langa kuti: "Lilime lake n'lolemera. Sakuphunzitsika." Lipotilo ndikadali nalo. Lili m'bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi, pamodzi ndi pepala lililonse limene boma, mpingo kapena sukulu inandilemberapo. Wofuna kutsutsa zimene ndinene pano abwere adzawerenge yekha.

Kwathu ndi ku Misuku. Kunyumba tinkalankhula Chisukwa, kumsika tinkasakaniza ndi Chitumbuka, ndipo Chichewa tinkachipeza pakhomo la kalasi chitaima ngati galu wa eni ake. Zinali zaka za chipani chimodzi, pamene mwana aliyense ankayenera kuchilankhula monga mmene chinkamvekera pawailesi. A Kamwendo anali a ku Dedza. Sanali munthu woipa. M'mawa wa nkhungu ankatilola kuothera kaye dzuwa kukhoma tisanalowe. Koma ankaopa oyendera sukulu, ndipo mantha awowo ankatifika ife kudzera mu mkwapulo wa bulugamu.

Mlandu wanga unali mawu onga "tsiku" ndi "tsamba". Iwo akatchula, ine ndinkabwereza, mkwapulo n'kutera m'manja. Ankati ndikunena "siku". Ine m'makutu mwanga ndinkamva kuti ndanena ndendende zimene anena iwo. Anzanga ochenjera ankang'ung'udza chapansipansi n'kupulumuka. Ine ndinkakweza mawu, poti ndinkakhulupirira kuti ndikukhoza, ndiye ndinkaoneka ngati wamwano.

Atate anga, amene tinkawatchula Tata, anawerengeredwa lipotilo ndi mkulu wampingo. Sanakalipe. Anangoti telemu ikatha ndikalowe nawo m'munda wa khofi, chifukwa khofi safunsa lilime la womulimira. Akanandimenya zikanakhala bwino. Ndinkaikonda sukulu, ndipo pa masamu ndinkaposa kalasi yonse, koma za masamuzo palibe amene anazitchula.

Telemu ili pafupi kutha, kunabwera mlendo wina, a Zuze, mnyamata wamtali wa ku Nsanje amene ankaphunzira kuyunivesite. Anakwera phiri wapansi, njinga akukankha, atamangirirapo makina ojambulira mawu ndi kamera. Ankafufuza mmene anthu a zilankhulo za kwathu amatulutsira mawu m'kamwa ndi mmene amawamvera. Anapempha aphunzitsi kuti awapezere ana a mano athunthu amene Chisukwa chawo sichinasungunuke. A Kamwendo analoza ine, nati ngati akufuna wa lilime losasunthika, ameneyo ndiye mwini wake.

Tata anakana poyamba. Kwathu mlendo saika kanthu m'kamwa mwa mwana wa mwini wake, ndipo panali patamveka kale kuti munthuyu akupaka anthu zakuda palilime. Tata anapita okha kusukulu kukaona. A Zuze anawaonetsa zonse: makala osinja, osefa pakansalu mpaka kusalala ngati ufa woyera, osakaniza ndi mafuta ophikira. Tata anaviika chala, kulawa, kudikira, kenako anati makala a mtengo umenewo ndi ofooka, akanafunsa iwo akanawapatsa abwino. Kumeneko kunali kulola kwawo, ndipo anabwerera kumunda.

Tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu nayenso anabwera, kudzamva ngati m'makinamo simukulowa zonyoza boma. Anakhala pampando wa aphunzitsi nkhope ili gwaa, akumvetsera mwana akutchula mbuzi, khasu ndi nthochi m'Chisukwa. Dzuwa lisanapendeke anali atawodzera.

Ntchito yake inkayenda chonchi. A Zuze ankandipaka makalawo palilime ndi kaburashi, ine n'kutchula liwu limodzi lokha, osameza malovu, kenako n'kuyasamula. Ankalowetsa kakalilole kozizira m'kamwa mwanga n'kujambula. Paliponse pamene lilime lakhudza kumwamba kwa m'kamwa pankatsala chidindo chakuda. Kenako ndinkachukucha ndi madzi a mandimu, n'kuyambanso. Fungo la mafuta aja ndi kuwawasa kwa mandimu ndimazimvabe ndikakumbuka.

Titamaliza za Chisukwa, a Kamwendo anawanong'oneza za vuto langa. A Zuze anandiveka zomvera m'makutu, nati ndikweze dzanja ndikamva mawu awiri osiyana. M'makinamo munamveka mawu awo omwe akutchula "tsiku" ndi "siku" mobwerezabwereza. Ndinadikira kusiyanako. Tepi inatha dzanja langa lili pantchafu.

"Aphunzitsi," anatero a Zuze, "mwanayu sakukana kunena. Sakumva kuti pali zinthu ziwiri. Khutu lake silinakule nazo."

A Kamwendo anati zimenezo sizingatheke, mawu omveka bwino chotero angamulephere bwanji munthu wa makutu. A Zuze sanatsutsane nawo. Anangowaveka zomvera zija n'kuwaikira mawu a mayi wina wa m'mudzi mwathu akunena "ndagha", kuthokoza kwa kwathu, kosinthanasinthana ndi mmene alendo amakutchulira, mouma. Ine ndili chapatali ndinkamva kusiyanako kukutuluka m'zomverazo ngati kulira kwa nkhuku ndi kwa bakha. Aphunzitsi anga anatsinzina, anapendeketsa mutu, dzanja lawo osakwera. Atavula anafunsa ngati mawu osiyanawo anali atayamba kale.

Sindinaseke. Ndinali nditangochoka pampando womwewo.

Chimene a Kamwendo anachita pambuyo pake ndicho chimandiletsa kudana nawo. Anavula jekete, anakhala pabenchi ya ana, natulutsa lilime kuti alipake. Anatchula "tsiku", nayasamula, ndipo a Zuze anandiitana kuti ndione m'kalilole. Kuseri kwa mano awo akumwamba kunali mzere wakuda wotsekeka, kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Nditatchula ine n'kudziyang'ana, mzere wanga unali ndi mpata pakati, ngati mpanda wosiyidwa khomo.

"Tseka pakhomopo kaye, kenako utsegule," anatero a Zuze. Anaonjeza kuti nawonso kwawo amalankhula Chisena, ndipo manja awo ankaudziwa bwino mkwapulo.

Ndinayesa, kuchukucha, kuyesanso. Madzulo asanafike mzere wanga unatsekeka. Chodabwitsa n'chakuti lilime ndilo linayamba kudziwa. Khutu linatsatira patapita masabata. Zimene mkwapulo unalephera kwa zaka, kalilole anazitha tsiku limodzi, chifukwa mkwapulo unkangonena kuti ndalakwa osanena pamene ndalakwira.

Loweruka lotsatira a Kamwendo anatsetsereka kumunda kwathu, nsapato zawo zakutchalitchi zili matope okhaokha. Anapeza Tata akutengulira khofi. Ine ndinamasulira. Aphunzitsi anati analemba molakwa, mwanayu asachoke pasukulu, ndipo ngati pali wa lilime lolemera paphiri lino ndi iwowo, amene akhala pakati pathu zaka zonsezi osatha ngakhale kuthokoza bwino. Tata anapitiriza kudula nthambi kwa kanthawi, kenako anati ndidzapitiriza sukulu, koma Loweruka lililonse ndi la khofi. Aphunzitsi anawomba m'manja nati "ndagha", mouma monga kale. Tata anawayankha mwaulemu wonse, ngati kuti atchula bwino.

Chithunzi cha m'kamwa mwanga a Zuze anatumiza ndithu, ndipo chili m'bokosi lija, chomatidwa kulipoti. Koma lipotilo silinakonzedwe. Kupepesa kunachitikira m'munda, pakamwa, pamene chitonzo chinalembedwa ndi inki, ndipo mpaka lero zimandipsetsa mtima. Zimandipsetsanso mtima ndikaganiza za anzanga amene mlendo wa makala sanawafikire, amene anasiya sukulu akukhulupirira kuti anabadwa operewera.

Ndinadzakhala mphunzitsi, ndipo ndinagwira ntchito kumwera mpaka kupuma. Mwana akalephera kutchula liwu, ndinkayamba ndafufuza ngati akulimva, ndipo m'kabati yanga simunkasowa kalilole. Tsopano ndakalamba, mano akutsogolo anachoka, khomo lija latsegukanso. Adzukulu anga obadwira m'tauni amandiseka ndikati "siku". Ndimawasiya aseke mpaka akhute, kenako ndimawauza kuti andithokoze m'chilankhulo cha agogo awo. Amatchula mouma, ngati a Kamwendo. Ndimawayankha monga mmene anayankhira Tata.