A Oswald ndi Nsomba Zodya Matope

Tsiku loyamba kuwaona a Oswald anali atatsamira zitsulo za m'mbali mwa mtsinje wa Roding kuno ku Barking, akunyenya buledi n'kumaponya pansi. Madzi munalibe, anali matope okhaokha. Munthu wamkulu, jekete yabwinobwino, nsapato zopolisha, koma akudyetsa matope. Ndinangoti mumtima, Londoni yamaliza wina.

Kenako ndinadziwa kuti timakhala nyumba imodzi ya mafulati, iwo pamwamba ife pansi. Akazi awo anamwalira ku Blantyre, ndiye mwana wawo Luntha, wogwira ntchito ku keya homu, kosamalira okalamba, ku Ilford, anawatenga. Inenso ndinabwera kudzalera ana a mwana wanga Eliza, yemwe ndi nesi.

Anthu a pa mafulati anali atayamba kale kuwanena. Mai a Junior, a ku Lusaka aja, anandiuza mu lifiti kuti, "Bamudala baja mutu wayenda. Lelo bachoka kuseni, mailo bazachoka muzuba. Munthu alibe na nthawi!"

Zinali zoona. Ine maso ndili nawo. Sabata ino atuluka m'mawa, sabata inayo masana, tsiku lililonse kumachedwerako.

Tsiku lina Luntha anagogoda kwathu ali mu yunifomu, maso ofiira.

"Amama, adadi ayamba kuiwala. Dzana anasiya mpopi ukutuluka madzi. Nthawi zina amanditchula dzina la malemu amayi. Kuntchito ndimaziona izi, zimayamba ndi kuyendayenda. Ndikawafunsa akuti akukakumana ndi madzi. Madzi amabwera ngati basi? Ndikufuna ndiwalande kiyi, ndizikhoma ndikamapita ku shifiti."

Ndinamuuza kuti adikire kaye ndikaone ndekha. Kukhomera bambo ako m'nyumba si nkhani yopangira pakhomo utanyamula chikwama.

Mawa lake masana, dzuwa lilipo, ndinawatsata chapatali. Atafika pa zitsulo paja sanatembenuke n'komwe.

"Anachisale, bwerani muime pano. Thupi lanulo kuseri kwa bini silingabisike."

"Ndani wabisala? Ndimapuma ine."

"Pumirani kuno. Akutumani kudzalonda wamisala, ndiye londani bwino."

Tinaima. Matope ankanunkha. Iwo ananyenya buledi wawo mosapupuluma, kenako analoza kumunsi. Ine kwathu ndi ku Ntchisi, ndipo chibadwire ndimadziwa kuti mtsinje umatsika basi. Koma apa madzi ankachokera kumunsi kukwera kumtunda, akuda bii, akukankha timitengo ndi mabotolo. Ndinagwira chitsulo. Madziwo anakwirira matope onse, buledi uja n'kuyandama.

Ndiye zinabwera. Nsomba zotuwa, kutalika ngati mkono wanga, mitu yaphwatalala, milomo yonenepa. Zinkayenda gulu m'madzi osaya mpaka misana kuonekera, zikupsopsona buledi ndi ndere za pakhoma. Ina inadumpha m'mwamba n'kugwa chammbali, phava!

"Kwathu timazitcha tainya," anatero a Oswald.

Anandiuza kuti anabadwira ku Beira, kunyanja yamchere, kumene bambo awo ankagwira ntchito kudoko. Ku Malawi anapita ali kale mnyamata wandevu. Nsomba zakunozi akuti si zenizeni za kwawo, ndi zibale zake zopirira kuzizira, koma khalidwe ndi limodzi.

"Imadya matope iyi. Imameza, n'kusankhamo tizakudya take. Mukaitumbula mupeza nthutumba ngati ya nkhuku."

"Nsomba ya nthutumba? Bambo a Luntha, musandinamize ndili ndi imvi."

"Ndinkazitumbula ndi manja angawa! Mbedza imakana. Ukaitchera ukonde imalumpha pamwamba, asodzi n'kumatukwana. Mazira imakaikira kutali m'nyanja, koma ana amabwera kudzakulira kumatope, m'mizu ya mitengo yomera m'madzi amchere. Madzi amchere, madzi a mumtsinje, iyo sisankha."

Akuti kukazizira zakunozi zimabwerera kunyanja. Ndinakumbuka kuti miyezi yozizira ija bamboyu sankatulukadi, ankangokhala pawindo.

Ndinawafunsa chifukwa chake sasunga nthawi imodzi ngati anthu.

"Nyanja imadzaza n'kuphwa, ndipo imatsata mwezi. Ikadzaza imakankhira madzi mumtsinje uno. Lero yabwera pano, mawa ichedwerako. Ndiye ine nditsate wotchi ya Luntha kapena madzi?"

"Nanga osamuuza bwanji mwanayo?"

"Ndinamuuza. Anandigwira pachipumi."

Tinakhala mpaka buledi anatha. Ankalankhula bwinobwino, mayina a anzawo a ku Beira onse ali m'mutu. Koma pobwerera, titafika pa mphambano ya pafupi ndi sitolo, anaima. Anayang'ana uku ndi uku, njira yomwe amadutsa tsiku ndi tsiku. Kenako anandiyang'ana ine mwaulemu.

"Pepani mayi, kodi inu ndinu mai a ndani?"

Ndinati ndine mai a Eliza, tiyeni njira ndi iyi. Sanatsutse. Pofika pa lifiti anali atandikumbukanso, mpaka kundiseka kuti ndimayenda ngati bakha.

Luntha ataweruka ndinamuuza zonse ziwiri, za nsomba ndi za pa mphambano. Sindinachotsepo kanthu. Analira pang'ono, kenako anafunsa ngati madziwo amakweradi. Ndinati tsiku la ofu apite akaone yekha. Za kiyi tinakambirana nthawi yaitali ndithu, tiyi mpaka kuzizira.

M'mawa mwake ndinapeza mai a Junior ndi anzawo pamabini a zinyalala, nkhani ili yomweyo. Ndinaika thumba langa pansi.

"Tamverani. Mutu wa a Oswald ukuchepadi, mwana wawo sananame. Koma za kumtsinje zija si misala, mtsinje wake umabwerera m'mbuyo ndipo ndauona ndi maso angawa. Kiyi sawalanda. Azipita, ine ndizipita nawo n'kubwera nawo. Lero madzi achedwerako, ndiye wofuna kuona atenge buledi wakewake, wanga sindigawa."