Dzina Lachilatini Latidyera Chinaka

Lachiwiri azakhali anga, aNaphiri a ku Madzimoyo, anafika kwathu kuno ku Chipata chimanjamanja. Chaka chilichonse mvula ikatha amandibweretsera chinaka, timizu tonga mbatata tokumba kudambo la kwawo, chophikaphika, chothira nsinjiro ndi tsabola. Ulendo uno anangokhala pansi, nkhope ili gwa.

"Mwanangu, dambo lija alitembenuza lonse. Sanasiye ngakhale kamodzi ka mbewu."

Pomwepo ndinakumbukira mlendo wina amene ndinakumana naye mu Febuluwale.

Anali bambo wovala tayi, buku lalikulu m'khwapa, ndipo tinakhala mpando umodzi m'minibasi. Anati amaphunzira za maluwa. Anandionetsa chithunzi cha duwa la chinaka, nati ophunzira amalitcha Habenaria, kuchokera ku mawu Achilatini otanthauza chingwe chowongolera hatchi, chifukwa duwalo lili ndi kamchira konga kachingwe.

Ine, mphunzitsi wa zaka zambiri, ndinakomedwa. Ndinafuna aone kuti nanenso si mbuli. Ndinamulongosolera njira yonse, imene ndinkayenda ndi azakhali ndili mwana: potsikira basi, mtengo wa mkuyu, dambo kuseri kwa phiri. Iye ankangolemba.

Tsono ndikufunseni, awerengi. Munthu wofuna tanthauzo la dzina amafunsiranji ngati galimoto ingafike pafupi? Wokonda maluwa amafunsiranji mwezi wokumba?

Umboni ndilibe. Mwina bamboyo ndi wosalakwa. Koma azakhali akuti kunabwera lole ndi anthu achilendo, makasu ndi matumba, ulendo wa ku Lusaka, ndipo sanafunse njira kwa aliyense.

Amayi akumudzi ali ndi lamulo lawo. Amatenga zikuluzikulu, tating'ono n'kukwiriranso, ndipo dambo saliulula ngakhale kwa mkamwini. Sanamvepo Chilatini, koma chinaka chawo sichinkatha. Ife opita kusukulu ndi amene tili ndi matenda: munthu akangotchula mawu ovuta, timamutsegulira ndi kuchipinda komwe. Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma sitifunsa kuti kalumoko kameta yani.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Azakhali atsimikiza kuti anaulula ndi aNambewe, mnzawo amene akhala akukumba naye kuyambira ali atsikana. Anawalalatira pachitsime anthu akuona, ndipo pano sapatsana moni.

Pamene ankandiuza zimenezi, ine ndinangoti, "Pepani, azakhali," n'kuwathirira tiyi wina.

Loweruka ndikupita ku Madzimoyo. Ndiuzeni, ndikayambire khomo liti?