Pulinta itatsamwa, tonse tinauma

Usiku wathawu ndinalota ndili m'labu ya makompyuta kusukulu kwathu, masana dzuwa likuswa mtengo. Ndalemba kale m'kabuku kanga kuti ndisaiwale, koma ndati ndikulembereni inunso anzanga, chifukwa pakamwa sindingathe.

Kwa amene simunalowemo: pa desiki iliyonse pali sikilini ndi kiyibodi basi. Nzeru zonse zili m'kompyuta imodzi yaikulu yotchedwa seva, ya m'kabati yokiya, ndipo tonse timagwiritsa ntchito yomweyo nthawi imodzi, aliyense ali pampando wake. Kuti seva imvane ndi pulinta pamafunika kapulogalamu kotchedwa dalaiva. Aphunzitsi athu, a Madamu Nyirenda, amati kameneka sasankha poona kukongola, amasankha kamene kayesedwa kale pa kompyuta yapadera, chifukwa kakagwa sikagwa kokha, kamagwetsa aliyense amene ali mu seva.

Ndinene ichi kaye. Lolemba a Madamu anaitanidwa ku ofesi n'kusiya seva yotsegula. Ine ndinachotsa dalaiva wakale n'kuikapo watsopano wa pa intaneti, chifukwa ndinkafuna nyuzi ya kalabu yathu ituluke yopinda ngati kabuku. Lachiwiri mnzanga Tadala anatumiza pepala lake ku pulinta, masikilini onse n'kuima. A Madamu anaganiza kuti ndi fulashi yake ili ndi vairasi, ndiye anamuletsa kulowa m'labu, chonsecho mayeso a kompyuta ndi sabata yamawa. Ine ndinangoyang'ana pansi.

Ndiye m'malotomo, ndinakhala pa desiki yanga, kenako ndinangoona kuti labu ija ndi chigayo. Madesiki analipobe, tchati cha pakhoma chinalipobe, koma pamene pamakhala pulinta panali makina ogayira aakulu, akulira pang'onopang'ono. Anzanga onse a m'kalasi anali pamzere atasenza matumba. M'matumbamo munalibe chimanga, munali zolemba zawo: zilembo, manambala, mayina awo. Palibe amene anadabwa.

Kenako a Madamu anabwera atavala chijasi chotuwa ndi gaga, n'kundipatsa sefa ziwiri. Sananene kuti ndi madalaiva, koma ndinangodziwa. Ina inali yakuda, yokalamba, yopindika pakona. Pamphepete pake panali timizere tambiri tokanda, kamzere kamodzi tsiku lililonse limene inagwira ntchito osavuta. Inayo inali yonyezimira, ya maluwa, ikadali m'pulasitiki. Kumbuyo kwa chitseko kunali kachigayo kakang'ono ngati ka ana, koyeserapo. Ndinakaona bwinobwino. Ndinaganiza kuti kuyesa kuchedwetsa mzere, ndiye ndinangoika ya maluwa ija m'chigayo chachikulu.

Thumba langa linali loyamba. Mapepala anatuluka okongola, akudzipinda okha n'kumatera m'manja mwanga ngati nkhunda. Ndinasangalala, ndisaname.

Ndiye anakhuthula la Tadala. Chigayo chinakhosomola kawiri, chinatsamwa, n'kukhala chete. Pomwepo aliyense anauma. Wina anauma akuyasamula, wina mwendo uli m'mwamba. Choko chimene a Madamu anagwetsa chinaima m'malere, osafika pansi. Pamutu pa aliyense panali kamkombero kaja kamene kamazungulira pa sikilini kompyuta ikamaganiza, kakungozungulira, kakungozungulira. Woyenda ndinali ine ndekha.

Kenako tinapezeka kuti tili m'holo yolembera mayeso, chigayo chili pakati, anthu ali chiumire. Wotchi yokha ya pakhoma ndi imene inkayenda, ndipo inkathamanga. Tadala anali panja, kuseri kwa zenera, thumba lake lopanda kanthu lili m'manja. Maso okha ndi amene ankayenda, koma mawu ake ndinawamva.

“Iwe Chisomo, mwendo wachita dzanzi kuno. Ukudikira m'busa adzadalitse?”

Ndinagwada n'kuyamba kukoka sefa ija. Inakana. Ndinakoka mpaka zala zinatentha. Ndinatola yakuda ija kuti mwina ndiisomeke pamwamba pa inzake mwakachetechete, munthu asadziwe, koma malo anali a imodzi. Ndiye pa chigayopo panatuluka kabokosi kofunsa pasiwedi. Ndinalemba dzina langa, kanakana. Ndinalemba “pepani”, kanakananso. Pasiwedi amaidziwa ndi a Madamu okha, ndipo m'malotomo ndinadziwa kuti sangasungunuke pokhapokha atamva mawu anga.

Ndinapita n'kuima patsogolo pawo. Nkhope yawo sinali yokwiya, inali yotopa chabe, ngati mmene imakhalira Lachisanu. Ndinatsegula pakamwa, panatuluka pepala loyera lopanda chilembo. Ndinayesanso, lina. Mapepala anaunjikana mpaka m'maondo mwanga, wotchi ikuthamangabe. Ndinagwira mkono wawo wozizira, ndiye mawu anatuluka, aang'ono kwambiri: “Madamu, si Tadala, ndi…”

Belu la hositelo linalira. Ndinadzidzimuka bulangete lili pansi, Tadala ali chilili pambali pa bedi langa ndi ndowa.

“Dzuka iwe, madzi akutha kumpopi. Koma a Madamu wawalakwira chiyani, kuwaitana kutulo chonchi?”

Ndinati sindikukumbuka. Anaseka, n'kunditengeranso ndowa yanga kuti akandisungire malo pamzere. Zimenezi ndi zimene zandipweteka kuposa malotowo.

Anzanga, inu mumadziwa kumasulira, ndithandizeni. Bwanji ine ndekha sindinaume? Mapepala oyera aja akutanthauza kuti ndikayankhula sandimva, kapena kuti ndachedwa kale? Mwina tanthauzo ndikulidziwa, ndikungofuna wina alinene mokweza. Piriyodi ya kompyuta ndi ikangotha buleki lero, ndipo a Madamu amafika m'labu anthu asanalowe. Mukandiyankha msanga, mwina ndilimba mtima kukawauza zoona.