Mphindi Zitatu Zimene Ndinadula M'kanema wa Ukwati

Lolemba lapitali ndinanyamuka kwathu kwa Chamama kupita pa boma la Kasungu kukaona kanema wa ukwati wa mwana wanga Tamandani. Anajambula ndi a Nabanda, mayi amene kamera yake imaonetsa ngakhale ulusi wa pa kolala. Ine ndinapitira chinthu chimodzi: kutsimikiza kuti maina oonekera koyambirira alembedwa molondola. Munthu amene anaphunzitsa Chichewa mpaka kupuma ntchito sangalole dzina la mkamwini wake kusowa chilembo.

A Nabanda anafotokoza kuti kanemayo amutulutsa pawiri. Woyamba ndi wa pa chimbale, woonera kunyumba. Kuti akwane pa chimbalepo amayenera kufinyidwa, choncho zinthu zakutali zimachita chimbuuzi. Wachiwiri ndi wa pa intaneti, woti akaonere mwana wanga Chikondi, amene ali ku Joni ndipo sanabwere ku ukwati. Ameneyo amasiyidwa wowala monga anatulukira m'kamera.

"Tionere wowalayu, aphunzitsi," anatero, "kuti zokonza mukonzeretu ndisanawotche zimbale."

Maina anali bwinobwino. Ndinakhala tsonga, wokhutira.

Kenaka inafika nthawi ya perekaniperekani. Kumbuyo kwa akwati, m'mphepete mwa chisakasa, kunatulukira a Makwinja, tenanti wa ku Phalombe amene walima fodya m'munda mwanga zaka zinayi. Akazi awo anasenza lichero la mtedza lovundikira ndi nsalu yoyera. Apo n'kutulukiranso ine, nditavala suti. Ndinangokweza dzanja n'kuligwedeza, monga timachitira poingitsa nkhuku pa mphale. Mayiwo anaima, nayang'ana patapata wawo, nabwerera ndi lichero lawo.

Chifukwa chake ndikuchikumbuka, ndipo sindibisa: ndinaopa kuti awononga chithunzi.

"Pa chimbale pano padzachitako chimbuuzi," anatero a Nabanda, maso ali pa kompyuta. "Koma a Chikondi adzaona zonse. Ndidule?"

"Dulani," ndinayankha. "Konsekonse."

Zinali mphindi zitatu. Sindinafunse ngati a Makwinja akuonekanso pena paliponse.

Lachinayi madzulo a Makwinja anafika pakhonde, chipewa chili m'manja. Fodya tagulitsa, ndipo Loweruka akubwerera kwawo.

"Bwana, tingapemphe nawo chimbale chimodzi? Tikaonetse abale kuti nafenso tinali pa ukwati wa mwana wa abwana."

Ndikanakana bwanji? Ndinawalowetsa m'chipinda chochezera, iwo ndi akazi awo, ndipo tinaonera limodzi. Maola awiri athunthu. Nthawi iliyonse kamera ikatembenukira ku khamu, mayi Makwinja ankasendera kutsogolo. Anaona abusa, anaona a komiti, anaona ngakhale galu wa aneba akudutsa ndi fupa. Kanema anatha.

"Ife kamera siinatikonde," anatero mayiwo, akuseka pang'ono.

"Ndi nkhope zathuzi, amayi, bwenzi itasweka," anayankha amuna awo. Kenaka analoza chithunzi chomaliza, chimene chinali chitaima pa galasi. "Koma mizati ya chisakasa iyo ndinadula ndine, bwana. Yaoneka bwino kwabasi."

Anathokoza kawiri, natenga chimbale chija.

Owerenga anzanga a m'minda ya fodya, kodi ndine ndekha? Anthu amenewa timadzuka nawo mbandakucha ku nazale. Amasoka fodya wathu, amamupachika m'chigafa, amamusankha mpaka zala kuda bii. Koma ikafika nthawi yolemba maina a olandira makuponi a feteleza, timati ndi alendo. Pa ukwati timati akadyere kuseri kwa chigafa. Pojambula timati asendere uko. Manja awo timawafuna chaka chonse. Nkhope zawo, ayi.

Kale kamera inkatithandiza kunama. Zonse za kumbuyo zinkangooneka ngati utsi, ndipo munthu ankatha kunena kuti, "Si ine uyo." Makamera a masiku ano alibe ulemu wotere. Tsono taphunzira njira ina: kudula. Ndafunsa, ndipo ndamva kuti ojambula amapemphedwa zimenezi kawirikawiri: chotsani azakhali oledzera, chotsani m'bale wosauka. Tikudzikonzera mbiri yosalala, yoti adzukulu adzakhulupirire kuti chisakasa chinadzimanga chokha.

Dzulo usiku, a Makwinja atangochoka, ndinaimbira a Nabanda. Mwamwayi, kanema wathunthu akadali m'kompyuta. Ndawapempha kuti wa pa intaneti amuike monga alili, Chikondi aone bambo ake momwe alili, ndiponso kuti awotche chimbale china chosadula. Anandikumbutsa za chimbuuzi chija, nati mwina chindithandiza. Sichingathandize. Munthu amazindikira lichero lake ngakhale patali.

Chimbalecho chafika masana ano pa minibasi. Lole yodzatenga a Makwinja ndi akazi awo ibwera mawa m'mawa, ndipo lero lomwe ndiyenera kuwaitananso, kukhala pambali pawo, ndi kuonera nawo mphindi zitatuzo popanda kuyang'ana pansi. Pambuyo pake adzasankha okha chimbale choti apite nacho ku Phalombe.

China chikunena kuti pa ukwatiwo sanalipo. China chikuonetsa kuti analipo, ndipo ndinawathamangitsa. Inu, mukanakhala mayi Makwinja, mukanakaonetsa abale anu chiti?