Sowo ya a Chisale ndi Nthambi ya Bulugamu

Fungo la petulo wosakaniza ndi oyilo likandilowa m'mphuno, ndimawaona a Chisale atakhala pa chidebe kuseri kwa nyumba ku Meriting, kuno ku Joni, magalasi ali pansonga ya mphuno, utsi wabuluu ukuwazungulira m'miyendo, akazi awo a Nangozo akuyanula zovala mothamanga kuti zisanunkhe galaja. Sindikonda kutamanda akuluakulu. Ambiri amangondifunsa chimene ndinasiyira sukulu, yankho osalidikira. A Chisale okha ndimawapatula.

Tinkakhala pabwalo limodzi, ine ndi amayi m'mukhukhu wamalata, iwo m'kachipinda ka njerwa. Kwawo kunali ku Ntcheu, koma mphamvu zawo zonse zinathera kumgodi, pansi pa nthaka, m'gulu lolumikiza mapaipi otumiza mpweya kwa anthu okumba. Atapuma ntchito anagula sowo ya injini kwa mzungu wina wa ku Mooinooi, yakale, utoto utasupuka, ndipo ankaisamala kuposa nsapato za kutchalitchi.

Chaka china, ndisanakwane zaka khumi, mvula yoyamba inabwera ndi mphepo imene inathyola nthambi yaikulu ya bulugamu wa pampanda. Sinagweretu. Tsinde lake linakanirira pamtengo, mutu wake n'kutsamira padenga lathu, malata anapindika, chitseko chinakana kutsekeka. Amayi anatulutsa mabulangete ndi miphika, n'kukhala pamatiresi panja. Kumapiri mitambo inali itayambanso kuda, ndipo aliyense ankadziwa kuti mphepo ikabwereza, ife nyumba tilibe.

"Musade nkhawa, mayi a Yami," anatero a Chisale. "Madzi a tiyi asanawire, nthambi iyi ikhala nkhuni."

Anakoka chingwe, sowo inalira, anakwera makwerero n'kudula tinthambi ta kunsonga, utuchi ukugwa ngati ufa. Kenako injini inatsokomola n'kuzima. Anatsika, anakoka, anakokanso mpaka shati inamatirira kumsana. Zii.

"Petulo wagona uyu," anatero atatsegula thanki n'kununkhiza. "Iwe mfana, tenga chigubu, thamanga kugalaja ukagule wina."

Ndinathamanga. Anakhuthula wakaleyo, anasakaniza watsopano ndi oyilo, anakhutchumula, anathira. Sowo inadzuka ndi ukali, amayi anaimirira. Itangolowa pamtengo wokhuthala, inazimanso.

Apa a Chisale anapinda waya, anamulowetsa m'thanki n'kuwedza kasefa kokhala kumapeto kwa kapaipi ka petulo. Anakatsuka, anakauzira, anakabwezera. Inalira pang'ono, inazima. Anamasula pulagi n'kuiyang'ana padzuwa lotsalalo.

"Youma. Petulo sakufika."

"Mzungu uja kwawo akuseka," anatero a Nangozo ali pakhomo, manja m'chiuno. "Ndinanena ine kuti tigule firiji."

"Firiji ikanadula nthambi, amayi?"

"Nanga iyo yadula?"

Anyamata a m'mikhukhu ina anali atasonkhana, aliyense ndi nzeru zake. Wina akuti kabuleta, madala, wina akuti itayeni, tibwereke nkhwangwa. Nkhwangwa pamwamba pa malata opindika kale, iwo akumati ndi nzeru. Mphepo inayamba kuulutsa mapepala, nthambi inakwekwesa denga, amayi anagwira kukamwa. Ine mtima unandipsa kuyambira ndili mwana. Ndinawafunsa a Chisale ngati akuganiza kuti tigona m'thankimo.

A Chisale sanakwiye. Anakhala pansi, sowo pamiyendo.

"Thula pang'ono, mfana. Nonsenu khalani chete."

Anapotokola chitsekero cha thanki pang'onopang'ono, ndipo m'bata limenelo tonse tinamva kaphokoso, psii, ngati munthu amene watulutsa mutu m'madzi. Anatseka, analiza injini mpaka inazima, anatsegulanso. Psii.

"Mwamva? Ikukoka moya. Ndikatsegula imadzuka, ndikatseka imafa. Petulo akamatuluka, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake. Chinthuchi chikubanika."

Anatembenuza sowo n'kuyamba kufufuza ndi chala pambali pa thanki, mpaka chala chinaima pa kachotupa kolimba kotuwa. A Nangozo anawerama n'kuyang'ana.

"Si paja munamata ndi guluu Loweruka lija? Mumvekere pakudontha, kumgodi podontha sipagona."

A Chisale anavula magalasi. Kabowo kamene anatsekako ndi kamene thanki imapumira. Pansi pa nthaka anazolowera kuti paipi ikangolira penapake amaimata pompo, ndiye ataona kachinyezi ka petulo, dzanja linachita zimene linkadziwa.

"Zaka zonse zija mukupatsa amuna anzanu mpweya," anatero a Nangozo, "lero mwakanyanga pakhosi sowo yanuyanu."

Woyamba kuseka anali a Chisale eni ake, kuseka kochokera m'mimba mpaka misozi. Anyamata anagwa nako, ngakhale amayi, amene nkhope inali itauma tsiku lonse, anabisa mano m'chitenje.

"Bweretsani singano, amayi, musanalalikire kutchalitchi," anawauza akazi awo.

Anakokota guluu uja ndi mpeni, anabowola ndi singano, anakoka chingwe. Ulendo uno sowo sinatsokomole. Anyamata anamanga nthambi ndi chingwe n'kukokera kumbali, a Chisale ali pamakwerero akudula chidutswa ndi chidutswa, bwalo lonse likununkhira bulugamu ngati mankhwala a chimfine. Chidutswa chomaliza chitagwa, denga linadziwongola ndi phokoso lalikulu, amayi anaimba nthungululu, ndipo madontho oyamba anatipeza tikulowetsa matiresi, a Nangozo atasenza miphika yathu akunenabe za firiji.

A Chisale anabwerera ku Ntcheu kalekale, sanafune kufera ku Joni ngati tchona. Ine lero ndimadula mitengo ya eni ku Protea Park, tsiku lina ganyu alipo, tsiku lina palibe. Mtima sunasinthe. Ndakanganapo ndi mabwana, ndachokapo pantchito dzuwa lili paliwombo chifukwa cha mawu amodzi. Koma injini ikandizimira m'manja sinditukwana. Ndimakhala pansi, ndimauza anzanga kuti atseke pakamwa, n'kutsegula chitsekero pang'onopang'ono khutu lili pafupi. Pa moyo wanga wonse, ndi pokhapo pamene ndimayamba ndamvetsera.